Vidiyo ya pa Maliro a Agogo

"Yang'anani kuno, aticha. Musamazolike ngati mwagwidwa ndi nkhuku ya eni."

Mayi Gertrude Malizani, mwini wake wa sukulu ya mkaka ku Zingwangwa, anali atakweza foni ndi manja awiri. Aka kanali kachitatu kuyesa kujambula. Jesinta anakhala pa kampando ka ana mu ofesi yothina ya madamuwo, mawondo atatsala pang'ono kugunda chibwano, uku m'kalasi mwake ana akuimba okha popanda wowatsogolera.

"Ndinene kuti ndikupepesa chiyani, madamu?"

"Ingonenani kuti munalakwitsa, simudzabwerezanso. Makolo asanu ndi awiri achotsa kale ana awo. Likafika Lolemba vidiyo yopepesayo isanatuluke, ine ndilibe pokusungani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Nkhani yake inayamba chonchi. Masabata awiri m'mbuyomo, agogo ake a Jesinta anamwalira kwawo ku Nsanje ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Kumudzi kwawoko, nkhalamba yotere ikatsikira kulichete salira ngati wafa mwana. Mdzukulu mmodzi amavala zovala za malemuwo, n'kutenga ndodo yawo, n'kumayenda pakati pa anthu akuwatsanzira, kuti anamfedwa apumeko kulira ndi kukumbukira kuti munthuyo anadyerera zaka zake. Ntchitoyi inagwera Jesinta, poti ndiye ankatha kukalipa ndendende ngati agogowo. Anavala jekete lawo lakale, n'kuwerama, n'kuyamba kudzudzula amayi ophika kuti awawitsa mchere m'ndiwo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi ake omubereka anaseka koyamba chiyambire kudwala kwa agogowo.

Koma wina wochokera m'tauni anajambula kavidiyo kosakwana ndi mphindi yomwe, bokosi la maliro likuoneka kumbuyo, n'kukaika pa Fesibuku ndi mawu akuti: "Taonani mphunzitsi wa ana anu akusewera ndi maliro."

Pofika Lachitatu, anthu anali atagawanika pawiri. Ena ankati Jesinta ndi wasataniki, wopanda umunthu, asayandikirenso mwana wa munthu. Ena ankati a m'tauni anataya chikhalidwe kalekale, n'chifukwa chake amalira maliro atavala magalasi akuda. Anthu amene chibadwire sanapondeko ku Nsanje anasanduka akatswiri a miyambo ya Asena. Posakhalitsa anayamba kutukwanirana mitundu, kenako ndale zinalowamo, ngati kuti agogo aja anali ndi chipani. Ngakhale omwe ankati akumuikira kumbuyo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mwiniwakeyo wadzuka bwanji. Iwo ankangofuna ndodo yokwapulira anzawo, ndipo ndodoyo inali Jesinta.

Iye anatopa nazo. Foni ikangonjenjemera m'chikwama, ankadzidzimuka. Ankalumbira kuti sawerenganso makomenti, koma pakangodutsa mphindi khumi chala chinkapita chokha. M'minibasi, aliyense wowerama pa foni ankaoneka ngati akuonera iyeyo. Chakudya chinkakana kutsika. Mvula ikakuona litsiro sikata: mchimwene wake Onesimo, wowotcherera zitsulo ku Chirimba, anasiya mageti a eni ali theka n'kuyamba kuyankha aliyense, chitukwano kubweza ndi chitukwano.

"Achimwene, siyani. Mukungosonkhezera moto," anamuuza pafoni.

"Ndisiye bwanji, sisi? Akunyoza mtundu wonse amenewa."

"Mtundu wonsewo mawa upita ku ntchito zake. Wochotsedwa ndi ine ndekha."

Tsopano, mu ofesi yothina ija, Mayi Malizani anatsitsa foni n'kupukusa mikono yomwe inali italema. Nawonso maso anali ofiira.

"Aticha, musaone ngati ndikukuweruzani. Kwathu ku Thyolo timachitanso zoterezi, ine ndinavalapo mpango wa agogo anga. Koma makolo a masiku ano ndiwafotokozere mmodzimmodzi? Pagulupu la makolo la pafoni paja ukangoti ufotokoze, amakudya wamoyo."

Jesinta anaganiza za zaka zisanu zimene anagwira pasukulupo, ndi ana ake awiri amene ankadalira ntchito yomweyo. Anatenga kapepala kamene madamuwo analembapo mawu, n'kukawerenga kawiri chamumtima. Kenako anayang'ana foni ija.

"Ine Jesinta, ndikupepesa kwa Amalawi nonse. Zimene ndinachita pamaliro paja ndi zamanyazi, ndipo sindidzabwerezanso."

"Basi, imeneyi yakhala bwino," anatero Mayi Malizani, koma osamuyang'ana kumaso.

Vidiyoyo inatuluka Lachisanu masana. Tsoka ilo, inapeza anthu atasamuka kale. M'mawa wa tsiku lomwelo kunali kutatuluka ina, ya kondakitala wina akukanganirana mpando ndi mayi woyembekezera, ndipo oweruza onse anali atathamangira kumeneko. Owerengeka amene anaonera ya Jesinta anagawanikanso. Amene ankamutukwana aja anati akupepesa chifukwa wagwidwa. Amene ankamuikira kumbuyo anati wagulitsa chikhalidwe. Wina anangofunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi ndani? Watani?"

Lolemba ana asanu mwa asanu ndi awiri aja anabwerera. Amayi awo anam'patsa moni Jesinta pageti ngati sipanachitike kanthu. Mmodzi, yemwe pagulupu ankalemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, anachita kumugwira paphewa.

"Aticha, mwaondatu. Mukudwala kapena?"

Jesinta anangoti ndi chimfine. Analibe mphamvu zokwiyira munthu.

Nthawi ya phala, ana ali pamzere ndi makapu awo, foni inalira. Anali amayi ake, kuimba kuchokera kumudzi. Jesinta anazungulira kuseri kwa kalasi.

"Jesinta, ndaiona kanema yako. Andionetsa akazi a akatekisiti titatuluka m'tchalitchi dzulo."

"Amayi, ndimafuna kupulumutsa ntchito. Akanandichotsa."

"Sindikukana, mwanawe. Ndingofuna undithandize kumvetsa. Wanena kuti unachita zamanyazi. Tsiku lija ine ndinaseka. Azakhali ako anaseka, amalume ako anaseka. Ndiye kuti tonsefe tinawachititsa manyazi mayi anga?"

"Ayi, amayi, si choncho."

"Nanga wapepesa kwa yani? Anthu akowo analipo? Anawasamalako mayi anga pamene ankadwala? Anakumba nawo manda?"

Jesinta anatsamira khoma la kalasi. Milungu iwiri yonseyi anatukwanidwa ndi anthu mazanamazana osawadziwa, koma panalibe chitukwano chimene chinamuwawa ngati mawu ofatsa amenewa. Amayi akewo sanakweze mawu. Ankamveka otopa chabe, ngati munthu wochokera kudimba.

"Chabwino, gwira ntchito, ulere ana ako," anatero potsiriza. "Koma ine ndikadzafa usadzavutike ndi zovala zanga. Udzangokhala pamphasa n'kulira bwinobwino, kuti anthu ako asadzakhumudwe."

Foni inaduka. Jesinta anakhalabe ataigwira kukhutu, mpaka Mayi Malizani anasuzumira pawindo n'kumuuza kuti ana amaliza phala, akumudikira.