Loweruka la Nsungwi

Mkangano unali utayamba kale pamene Nsungwi ankaika botolo la madzi m'chikwama chake cha mpira. Aphunzitsi, mnzawo wa achimwene ake, ankati makina akuda ndiwo makina a gemu enieni, enawo ndi zidole za ana. Wometa, yemwe anali wa makina oyera chiyambire kugwira padi yosewerera gemu, ankati kampani ya makina akudayo imangodziwa kulonjeza basi, gemu imene inalengeza chaka chatha anthu akungoionerabe pazithunzi. Onse awiri maso anali pa tivi, zala zikuvina pa mapadi, koma pakamwa osapuma.

Sikirini inali yogawika panayi, aliyense ndi galimoto yake pakona pake. Yofiira, ya achimwene ake a Nsungwi, inali patsogolo monga mwa masiku onse. Anzawo ankawatcha Shasha, ndipo sichinali chipongwe ayi. Chigwereni padenga la nyumba imene ankakhoma malata, miyendo yawo inafa, koma manjawo anachita ngati alanda mphamvu zonse za miyendoyo. Vuto lalikulu linali m'mutu. Nthawi zina ankangokomoka, thupi lonse n'kumagwedezeka, ndipo adokotala ananena mosapsatira kuti munthuyu asamasiyidwe yekha.

Ndiye anasiyidwa m'manja mwa Nsungwi. Abale anabwera masiku oyamba ndi malalanje ndi mapemphero, koma mlendo ndi mame, dzuwa litakwera anauma onse. Mayi woyandikana nawo nyumba anaonapo kamodzi Shasha atakomoka, anathawa kusiya patapata pakhomo, ndipo kuyambira pomwepo moni wake unali wa pawindo. Nsungwi anasamutsa makina ake osokera n'kuwaika m'kachipinda ka m'nyumba ya achimwene akewo. Makasitomala ankamupeza pomwepo, ogulitsa masamba pomwepo, dzuwa linkatuluka n'kulowa iye ali pomwepo.

Loweruka masana lokha ndilo linali lake. Anzawo atatu a Shasha, Aphunzitsi, Wometa ndi Wamafoni wosalankhulalankhula, ankabwera kudzasewera, ndipo onse ankadziwa kumugoneka Shasha cham'mbali akakomoka ndi kumunyamula akafuna kuchimbudzi. Iwo akangokhala pampando, Nsungwi ankathamangira ku bwalo la mpira wamanja kumene amayi anzake anamupatsa dzina limeneli chifukwa cha kutalika. Iye ndiye ankaponya zigoli. Kumeneko palibe ankamufunsa za mankhwala kapena za matewera, ankangomukuwira kuti adumphe.

Anali atagwira kale chitseko pamene Wamafoni anaimitsa gemu n'kunena kuti achemwali adikire kaye, pali nkhani. Anakanda m'mutu, nayang'ana anzake, kenako anaulula kuti gemu yatsopano ya magalimoto ituluka posachedwa, ya pa makina atsopano okha, ndipo iwo atatu asonkherana kuti Shasha akhale ndi makina akeake pamodzi ndi intaneti. Wometa anati iye wagonja ngati mkamwini, alola kugula makina akuda chifukwa cha chibwana cha anthu awiriwa.

Nkhope ya achimwene inawala mwa mtundu umene Nsungwi anali ataiwala. Anaseka, anatukwana Wometa mwachikondi, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Nayenso Nsungwi mtima unamusungunuka, anaomba m'manja n'kuwathokoza anyamatawo ndi mtima wonse.

Aphunzitsi, poti ndi aphunzitsi, sakanasiya nkhani yosafotokoza. Anati opanga magemu masiku ano anasiya zogawa sikirini, zimenezo ndi zachikale. Gemu yatsopanoyi aliyense amasewera ali kunyumba kwake, pa tivi yake yonse, mahedifoni kumutu, n'kumalankhulana ngati ali pampando umodzi.

"Taganizani, Shasha," anatero. "Zodikira Loweruka zatha. Zokwera mabasi awiri zatha. Tizisewera tsiku lililonse, mpaka mutatopa nafe."

Wometa anavomereza kuti kwa iye n'chipulumutso, chifukwa Loweruka ndiye tsiku limene mitu imachuluka, ndipo wakhala akutseka shopu anthu ali pamzere. Tsopano azimeta mutu umodzi, n'kuthamanga mpikisano umodzi. Aphunzitsi anati nawonso akazi awo asiya kuwawerengera milandu. Onse anaseka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kuchitseko kumene Nsungwi anaima ndi chikwama paphewa.

Tsiku limenelo kubwalo Nsungwi anaphonya zigoli zimene akanaponya atatsinzina. Akochi, mayi wamfupi wa mawu ngati wenzulo, anamufunsa ngati manja anawaiwala pa makina osokera. Anakumbutsa onse kuti mpikisano wa matimu wayandikira ndipo safuna munthu wojomba. Nsungwi anangoti wamva. Mumtima ankadziona ngati mfiti: anthu akuchitira mbale wake chifundo chotere, iye n'kumalirira mpira ngati kamwana.

Mlungu wonsewo ankakonza mawu oti awauze achimwene kuti mphatsoyo aikane. Ankawakonza akusoka, ankawakonza akuchapa, koma akalowa m'chipinda chochezera ankawapeza akuonera kafilimu kotsatsa gemuyo pa foni, mobwereza kakhumi kakhumi. Ankamuitana kuti adzaone mmene mvula ikuonekera pa galasi la galimoto, mmene matope akuthovukira. Anapempha kuti awamete ndevu. Anayamba kunena za mwezi wamawa, munthu amene chigwereni sankanena ngakhale za mawa. Ungamulande bwanji munthu wotere chinthu chake?

Tsiku lina powapatsa mankhwala anayesako pang'ono. Anafunsa kuti kodi gemu yakaleyi yalakwa chiyani, poti magalimoto ake akuyendabe bwinobwino. Achimwene anaseka n'kumuuza kuti zimenezi sangazimvetse, zili ngati kumufunsa telala chifukwa chake akufuna singano yatsopano. Kenako anamuyang'ana n'kufunsa ngati pali china. Nsungwi anati palibe, nakatsuka kapu.

Makina anafika pakati pa mlungu. Wamafoni anawalumikiza yekha, atagwada kuseri kwa tivi, mawaya pakamwa. Potuluka Nsungwi anamuperekeza mpaka panja, chinthu chimene sankachita, n'kumufunsa motsitsa mawu ngati Loweruka azibwerabe. Wamafoni anati azibwera ndithu, achemwali asadandaule, chibale ndi fupa sichiola. Ankanena izi akukulunga waya pachikhatho, maso ali pa wayawo.

Loweruka loyamba sanabwere aliyense, poti gemu inali ya moto ndipo onse ankafuna kuilawa pa tivi zawo. Lotsatira lake Aphunzitsi anatumiza moni kudzera m'mahedifoni. Chowawa kwambiri chinali chakuti anyamatawo sananame: achimwene ankasewera tsiku ndi tsiku, ankaseka mpaka kutsokomola, ankadya bwino, ndipo ngakhale kukomoka kuja kunayamba kutalikirana. Nyumba imene inali ya zii inadzaza ndi mawu a munthu mmodzi wokangana ndi anthu osaoneka, za kampani iti yabera anthu, za gemu iti ituluke nyengo yozizira. Nsungwi ankamva zonsezi ali pa makina ake, ndipo sankadziwa kuti akwiyire ndani.

Akochi anaimba foni. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka Nsungwi. Anati akumvetsa za kunyumba, koma timu siidikira munthu, ndipo pali mtsikana wina wamtali amene wakhala akuyeserera pamalo pake. Akapanda kuoneka Loweruka likubwerali, malowo apita.

Loweruka litafika anavala zampira n'kukaima pakati pa achimwene ndi tivi. Iwo anasuntha mutu kuti aone msewu, kenako anaona siketi ya timu ija, naimitsa galimoto. Anakankhira hedifoni imodzi kumbuyo kwa khutu n'kumuuza kuti apite, asade nkhawa, anzawo ali m'makutumu ndipo china chikachitika amva.

"Akamva atani, achimwene? Akugwirani mutu pa intaneti?"

Sanayembekeze yankho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anawavula mahedifoniwo n'kuvala yekha, ndipo m'makutu mwake munalowa phokoso la injini, kulira kwa makina ometera, ndi Aphunzitsi akufotokoza za matayala.

"Ndi Nsungwi uyu," anatero. "Ine ndikupita kumpira. Chiyambire gemu yanuyi sindinatulukepo pakhomo pano. Mlungu wonse ndimakhala ndi Loweruka lokha, ndipo munalitenga osadziwa. Sindikukudandaulani, mwachita zazikulu. Koma chitseko ndisiya chosakhoma, mmodzi wa inu abwere."

Injini zonse zinazima. Kwa kanthawi kunangomveka makina ometera, kenako nawonso anazima. Wometa ndiye anayamba, nthabwala zonse zitamuthera, kunena kuti ali ndi munthu pampando mutu wometa theka ndiponso ena pabenchi. Aphunzitsi anati akanadziwa dzulo, lero akazi awo atuluka ndipo ana ali ndi iwo. Anapepesa kwambiri, ndipo zinkamveka kuti akupepesa zoona. Wamafoni anati ali kutsidya kwa tauni, koma ayesetsa.

Nsungwi anabweza mahedifoni. Achimwene sanawavale, anangowaika pamiyendo. Nkhope ija yowala inali itagwa, ndipo ankayang'ana padi ngati chinthu cha eni ake.

"Kani Loweruka lililonse lija ankabwera kudzandilondera?" anafunsa chapansipansi.

"Ayi, ankabwerera gemu. Ine ndi amene ndinkaba mpata."

"Pita, mlongo wanga. Ukapanda kupita undidwalitsa ndiwe."

Anapita. Anasiya chitseko chotsegula pang'ono, nadutsa pa mpopi, nadutsa pa wowotcherera zitsulo amene anamufunsa ngati wachira, poti anthu a mumsewuwo ankayesa wodwala ndi iye. Miyendo inali yopepuka ngati ya mwana wotuluka kusukulu. Anafika pakona pamene mpanda wa njerwa umakhotera kumsewu waukulu, ndipo mabasi anali pomwepo, makondakitala akuitana. Koma munthu ukakhota pamenepo nyumba ija siionekanso. Anaima kuti adikire pang'ono, mwina aona njinga yamoto ya Wamafoni ikubwera.

Basi imodzi inadzaza n'kupita. Ina inabwera, kondakitala anamukoka chikwama, iye anakana. Njinga zamoto zinkadutsa zambirimbiri, za eni ake. Anaimbira Wamafoni, yemwe anati bwana wake wamugwira ndi foni ya kasitomala wolusa, koma akangomaliza anyamuka. Nsungwi anayang'ananso kunyumba. Masiku onsewa mawu a achimwene ankamveka mpaka pa wowotcherera, koma tsopano pawindo paja panali zii. Mwina angokhumudwa. Mwina ali pansi, mutu ukumenya mwendo wa tebulo. Anayesa kudziuza kuti kukomoka kunatalikirana, kuti ndi masana amodzi okha, kuti nayenso ndi munthu. Mantha sanamve zimenezo.

Anabwerera chothamanga, chikwama chikumumenya kumsana, nakankha chitseko ndi phewa. Achimwene anali bwinobwino pa njinga yawo ya olumala, pomwe anawasiya, tivi itazima. Anali atatembenukira kuchitseko.

"Wabwereranji?"

Nsungwi anatulutsa foni pomwepo, akupumira m'mwamba, n'kuwauza akochi kuti malo aja ampatse mtsikana uja, ndipo siketi aitumiza ndi munthu. Akochi anayamba kunena zoti mwina chaka chamawa, koma iye anathokoza n'kudula. Achimwene anamva zonse. Kenako anayatsa tivi, navala mahedifoni, n'kuwauza anzawo ndi mawu okweza, oseka mokakamiza, kuti ayambitse mpikisano, zonse zili bwino kuno.

Nsungwi analowa m'kachipinda kake osavula n'zampira zomwe. Anatenga diresi ya kasitomala n'kuyamba kupalasa makina mwamphamvu, kuti achimwene asamve kuti akulira, ndiponso kuti iye asamve ngati nawonso akulira. Makina anaphokosera nyumba yonse. Koma asanafike kumapeto kwa msoko, anakumbukira kuti ndi phokoso lotere munthu atakomoka kuseriko sangamumve. Anachepetsa phazi, n'kumasoka pang'onopang'ono, akumvetsera.