Fulashi ya Amake Wael Inandibisira Amuna Anga

Lachiwiri m'mawa ndinayatsa kompyuta kuti ndionere kanema wa malemu amuna anga, a Abdel-Sattar, koma ndinapeza mulibe. Zithunzi mulibe, nyimbo mulibe. Munangotsala tizizindikiro toti ukadina sititsegula kanthu.

Musaganize kuti ndi chikondi chokha. Bambo aja ndinakhala nawo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo anavomera kamodzi kokha kuti ine ndanena zoona. Kunali pa ukwati wa mwana wathu Hisham. Atakhuta mpunga ndi nkhunda, anaimirira pamaso pa abale awo onse n'kunena kuti, "Fathiya ananena zoona, holo yaposa tenti." Wojambula anajambula. Patatha miyezi isanu anamwalira, mwina poopa kubwereza. Kanema ameneyo ndimamuonera Lachiwiri lililonse ndikumwa tiyi.

Poyamba ndinaganizira diso loipa la mlamu wanga Sabah, amene amadana ndi kanemayo. Ndinafukiza lubani kuzungulira tebulo mpaka kutsokomola. Palibe chinabwerera. Ndiye ndinatuluka pakhonde n'kuyamba kukalipira anansi onse a m'nyumba yathu yosanjikizana, kuyambira pansi mpaka padenga.

Abla Nagat, mphunzitsi wa kompyuta kusukulu ya atsikana kuno ku Mansoura, amakhala pamwamba panga. Anatsika atavala masilipasi, nandifunsa chimene ndinalowetsa mu kompyuta masiku apitawa. Ndinati palibe, kupatula fulashi ya mnansi wathu amake Wael, mayi wopemphera kasanu patsiku osaphonya.

"Amake Hisham, mayiyo amapemphera, koma fulashi yake sipemphera," anatero.

Fulashiyo inabwera m'dengu la pachingwe limene timatumizirana zinthu kudzera pakhonde, ili ndi kanema wa chinkhoswe cha mwana wawo. Mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, ndiye fulashi ndikanabweza bwanji? Ndinaikamo nyimbo za pa ukwati wa Hisham. Aliyense m'nyumba muno anachita chimodzimodzi, wina kaphikidwe ka keke ya basibusa, wina zithunzi za mdzukulu. Pakati apo inakafikanso kushopu yotsuka zithunzi.

Abla Nagat anati penapake paulendowo munalowa vairasi, pulogalamu yoipa imene imadzikopera yokha mu kompyuta iliyonse imene fulashi yalowamo. Kenako anandifunsa ngati pamatuluka kabokosi kofiira ndikayatsa.

"Kamatuluka tsiku lililonse. Ndimakatseka. Kamalongolola ngati apongozi anga."

"Kameneko ndi kamlonda, kamakuuzani kuti pulogalamu yoteteza inatha ntchito. Mwakhala mukuthamangitsa mlonda zaka ziwiri."

Ndinangovomera. Zimenezi sizichitikachitika.

Anaika pulogalamu yoteteza yatsopano, yochokera kwa eni ake enieni, osati ya m'manja mwa anthu. Anaisiya ifufuze kompyuta yonse ife tikumwa tiyi. Itamaliza, inachotsa zoipazo, ndipo Abla Nagat anadina apa ndi apo, zinthu zanga n'kutulukira. Anati ndachita mwayi chifukwa vairasi imeneyi imangobisa. Ena amafufutiratu, ena amatseka zonse n'kumaopseza mwini wake.

Ndinatsegula kanema uja. A Abdel-Sattar anaimirira, mpunga uli pandevu, n'kunena mawu awo aja.

"Phokoso lonse lija, kanema wake n'kameneka?" anafunsa Abla Nagat.

"Abla, amuna anu anavomerapo kangati?"

Anangopempha kuti ndibwezeretse aonerenso.

Tsiku lomwelo tinakopera kanemayo pa fulashi yatsopano imene situluka m'kabati, n'kutumizanso kwa Hisham. Lachisanu Abla Nagat anayendera makomo onse. Mwa makompyuta asanu ndi awiri, asanu anali ndi vairasi yomweyo. Amake Wael anakwiya kuti ndawanyozetsa, mpaka ataona kuti kanema wa chinkhoswe nayenso anabisika kwawo. Kanemayo atabwerera, anandipsompsona masaya onse awiri.

Tsono amayi anzanga, mverani, sindibwereza. Ikani pulogalamu yoteteza, ndipo ikapempha kukonzedwanso, ilolereni. Fulashi iliyonse, ngakhale ya mchemwali wanu, ifufuzidwe kaye musanatsegule. Chinthu chimene simukuchidziwa musadine. Ndipo chimene simungapirire chitatayika, chisungeni malo awiri, chifukwa amene anachinena sadzadzukanso kudzachibwereza.