Kabotolo m'mbiya ya mpunga

Nining atangodziwika kuti ndi woyembekezera, apongozi ake, amayi Ijoh, anamulanda mankhwala a mphumu. Ine ndimakazinga tofu, chakudya cha soya, pakhomo loyandikana nawo, ndipo makoma athu ansungwi sasunga chinsinsi, choncho ndinamva zonse.

"Bweretsa kabotolo kako kopopera m'kamwako," anatero amayi Ijoh. "Ukufuna mdzukulu wanga aledzere ndi mankhwala asanamere n'komwe manja?"

"Amayi, nanga chifuwa chikabanika?"

"Udzamwa madzi a jinja."

Musawaone ngati ankhanza. Mayiwa anadikira mdzukulu zaka zambirimbiri, mpaka anzawo kumzikiti analeka kuwafunsa. Mimba itabwera, anaiteteza ndi zonse zomwe ankadziwa. Anasoka kathumba, n'kuikamo kasizasi ndi muzu wina wonunkhira, n'kumumangirira Nining pamalaya ndi pini kuti ziwanda zisamuyandikire, monga timachitira tonse kuno ku Garut. Mazira ndi nsomba analetsa, ati magazi adzanunkha pobereka. Mapiritsi akusikelo analetsanso, ati amakulitsa mwana n'kukanika kutuluka. Nining anangotsala ndi mpunga, tsabola ndi tiyi.

Mwamuna wake Engkos? Aa, ameneyo musandiyambitse.

"Engkos, chifuwa cha mkazi wako chikuliza mluzu, sukumva?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Zimenezo n'za azimayi, achemwali," anayankha ndudu ili pakamwa. "Amayi akudziwa."

Kunena zoona, ndinalakalaka kumugenda ndi chipande.

Anthu atakolola mpunga anayamba kutentha mapesi m'minda, ndipo utsi unakuta mudzi wonse. Masana ena ndinangomva kukuwa. Ndinasiya mafuta pamoto n'kuthamanga. Ndinapeza Nining atagwira mphuthu ya chitseko, mapewa akukwera n'kutsika, maso ali tong'o, mawu osatuluka. Amayi Ijoh anali ndi kapu ya jinja m'manja, ikungokhutukira pansi.

"Kabotolo kali kuti?" ndinakuwa.

"Kapha mwana..."

"Amayi, taonani nkhope yake! Kali kuti?"

Anagwada pa mbiya ya mpunga, napisa mkono mpaka m'chigongono, n'kukavuula kali mbuu. Ndinakapukuta, Nining n'kupopera. Mpweya utangobwerako pang'ono, ndinamukalipira Engkos kuti alize njinga yamoto. Anamutenga mkazi wake, ife tinatsatira pa njinga ya mlamu wanga, amayi Ijoh akupemphera njira yonse.

Kuchipatala anamuika Nining chophimba pamphuno mpaka chifuwa chinamasuka. Kenako azamba athu, mayi Wiwin, anatiitana tonse. Ndinkaganiza kuti awakalipira amayi Ijoh, koma ayi. Anawakhazika pampando, n'kuwafunsa:

"Amayi, mwana ali m'mimba amapuma bwanji?"

"Mmene ndikudziwira, sapuma."

"Mpweya wake amaulandira m'magazi a mayi ake. Nining akabanika, mdzukulu wanu nayenso wabanika. Mankhwala opoperawa timawapereka kwa amayi oyembekezera ambiri. Choopsa kwambiri ndi mphumu yosiyidwa yokha. Lero timupatsanso ena oti azipopera tsiku ndi tsiku."

Amayi Ijoh anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ine ndimamutsina pakhosi mdzukulu wanga?"

"Munkamuteteza, koma munabisa chinthu cholakwika. Mapiritsi aja ndi a foliki asidi ndi owonjezera magazi. Miyezi yoyambirirayi ndi pomwe ubongo ndi msana wa mwana zikuumbika, ndiye akufunika kwambiri panopa. Sakulitsa mwana mopyola muyezo. Azimwera madzi, osati tiyi, chifukwa tiyi amatchinga mphamvu yake. Mazira ndi nsomba zopsa bwino azidya, ndiwo zamasamba, tempe ya soya, zipatso. Mankhwala ena aliwonse, ngakhale azitsamba, muziyamba mwatifunsa."

Kenako anatembenukira kwa Engkos. "Bambo, fodya ndikumumva kuchokera pano. Utsi umenewo m'nyumba ayi."

Engkos anazyolika, ine mtima unachita kuti myaa!

Amayi Ijoh anafunsa motsitsa mawu. "Nanga kasizasika tichotse?"

"Kasiyeni, bola kasamubaye," anaseka mayi Wiwin. "Chomwe ndikufuna ine n'chakuti kabotolo kasatalikane naye."

M'mawa mwake ndinawapeza amayi Ijoh pakhonde akusoka. Kathumba kaja anali atakaphwasula, akusoka kena kokulirapo. Anaikamo kasizasi, muzu wonunkhira, kenako kabotolo, n'kumumangirira Nining ndi manja awo.

"Ziwanda zilipo zamitundumitundu," anatero. "China chimabwera ndi utsi."

Kuyambira pamenepo mayiwa anasanduka apolisi. M'mawa uliwonse: "Wapopera a tsiku ndi tsiku aja? Piritsi wamwa?" Ogulitsa nsomba anayamba kuima pakhomo pawo asanaitanidwe. Engkos akangotulutsa ndudu, ankamuthamangitsira kuseri kwa khola la abakha, mpaka anatopa n'kusiyiratu. Tsiku la sikelo, amayi Ijoh ndi amene ankayamba kuvala.

Mvula itayamba, Nining anabereka mwana wamkazi. Tinali panja pa chipinda pomwe kamwanako kanakuwa mwamphamvu moti abakha akumudzi ayenera kuti anamva. Amayi Ijoh anaimirira, misozi ili chuchuchu, n'kundigwira paphewa.

"Wamva mapapo amenewo? Wamva?"

Ndinamva, ndipo ndinalira nawo osachita manyazi.

Tsono inu amene muli ndi woyembekezera pakhomo, mverani. Ngati ali ndi mphumu, asasiye mankhwala ake popanda kufunsa achipatala, ndipo akabanika muthamangire naye kuchipatala. Ayambe sikelo msanga, amwe mapiritsi ake, adye zakudya zakasinthasintha, atalikirane ndi utsi. Mayi akapuma bwino, mwana nayenso wapuma. M'mbiya muzisunga mpunga basi.