Mango a pa Galasi

Ndinafika ku esiteti ya tiyi Lachiwiri, pa kabaza, katoni yopanda kanthu ili pamiyendo. Chaka chinali 2008. Abwana anga a ku Limbe anandituma kukachotsa kompyuta pa sukulu ya mkaka. Inali yamasewera, yokhudza pa galasi. Malipoti ake ankaonetsa kuti ana a kuno sapambana masewera ngakhale amodzi. Ndiye ipite kwina.

Sindikonda kukhalitsa malo amodzi. Ndinkafuna kubwerera tsiku lomwelo.

Mphunzitsi, Mayi Margret, anaona katoniyo asanandipatse moni. Anati anawo amasewera tsiku lililonse, mpaka kulimbirana. Anandipempha ndionere kaye. Ndinayang'ana wotchi, n'kukhala pa kampando ka ana.

Masewerawo ndi osavuta. Mtengo wa mango pa galasi. Ukakhudza bango, limagwera m'dengu, mawu n'kuwerenga.

Anayamba ndi Teleza, wa zaka zisanu. Anaimirira motangadza. Manja onse awiri pa galasi, kutsina, kutsina, n'kuponya kumsana. Liwiro lake loopsa. Anzake onse chimodzimodzi. Bango silinagwe ndi limodzi lomwe.

Ndinayang'ana pawindo. Kumtsetse kunjako amayi a anawo ankatchola tiyi, madengu kumsana. Manja ake omwewo.

Ndinawafotokozera Mayi Margret kuti galasili limamva chala chimodzi basi. Zikachuluka limasokonezeka. Iwo anati amene anadzaika kompyutayo sananene zimenezo, anangolumikiza mawaya n'kuthamangira minibasi. Sindinawauze kuti munthuyo anali mnzanga, ndiponso kuti ntchito timagwira mofanana.

"Ndiye achimwene, olephera ndi ana anga kapena galasi lanu?"

Ndinagwada pafupi ndi Teleza, n'kumuonetsa. Chala chimodzi. Anakhudza. Bango linagwa. Kompyuta inati, "Wani."

Anakhudzanso. "Thuu."

Mwanayo anandiyang'ana ngati ndamunamiza.

"Ankolo, amayi atamatchola chonchi, akapitawo angawathamangitse."

Mayi Margret anaseka mpaka kugwira khoma. Koma Teleza sanachoke. Anamaliza mango khumi onse, nkhope ili gwa, ndipo galasi linaimba kanyimbo kamene m'chipindamo anali asanakamvepo. Ana anakhamukira kutsogolo, aliyense chala m'mwamba.

Foni imagwira pa chitunda, kuseri kwa fakitale. Ndinakwera. Ndinawauza abwana kuti kompyuta ikhale, vuto linali lathu. Anafunsa kuti nditsimikiza bwanji. Ndinati ndikhala kuno mpaka Lachisanu, adzaone malipoti atsopano.

Nditatsika ndinafunsa mlonda komwe mlendo angagone.