Manda Pafupi ndi Thanki

"Sainani apa, alamu, Lachisanu lisanakwane," anatero Yotamu, akukankhira pepala kwa Selina kachitatu.

Pepalalo linali lochokera ku Ottawa. Linkati boma la Canada ndi boma la Sainte-Odile, mwa ubale wawo wakalekale, agwirizana kufukula mtembo wa Lameck ndi kuutumiza ku Ntcheu, mkazi wake akavomera. Selina anapezamo mawu oti ubale kanayi. Dzina la mwamuna wake linalimo kamodzi, lolakwika.

Lameck anali katswiri wa za madzi. Canada inamutumiza ku kachilumba ka ku Caribbean kameneko kukamanga mathanki a madzi a mvula. Mtima wake unaima ali pamakwerero, ndipo popeza kunalibe chipinda chozizira chosungira mitembo, anamuika m'mawa mwake pafupi ndi thanki yoyamba. Selina anamva zonsezi pafoni, atangoweruka kuchipatala ku Scarborough, mumzinda wa Toronto ku Canada, kumene ankagwira unamwino.

"Mng'ono wanga aikidwe ndi alendo?" anatero Yotamu. "Kumudzi ndiwauza chiyani?"

"Mwakhala ku Oakville zaka zisanu ndi zinayi osapitako, alamu. Masiku onsewa mumawauza chiyani?"

Yotamu anakonza tayi.

Belu linalira. Anali Mayi Bertha Alcide, woimira Sainte-Odile ku Toronto. Ofesi yawo inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo kazembe, mlembi ndi wosesa anali iwo omwe. Anabwera pabasi, jasi ili mbuu ndi sinowo. Anapepesa, nakhala pansi.

Yotamu anayamba kuwafunsa m'Chingerezi ngati ali m'khoti. "Anakumba manda ndani?"

"Asodzi asanu ndi atatu."

"Anasambitsa ndani?"

"Abambo anayi a kutchalitchi."

"Anthu anagona pamaliro?"

"Mudzi wonse, akuimba. Masiku atatu palibe bwato linapita kunyanja."

"Mutu munalozetsa kuti?"

"Sitinkadziwa mwambo wanu. Aphunzitsi anabweretsa mapu a kusukulu, tinapeza Malawi, tinamugoneka choyang'ana kumeneko."



"Nanga boma lanu lavomereranji kufukula?" anafunsa Selina.

"Mayi, ife tilipo zikwi makumi atatu basi. Canada ikapempha, timavomera. Mathanki asanu ndi imodzi sanathe." Anapukuta magalasi awo. "Pepalalo likuti tavomera. Silikunena kuti tikufuna."

"Mwamva?" Yotamu anabwerera ku Chichewa. "Awa akufuna mathanki, osati munthu."

"Inu mukufuna nkhani yabwino yolembera kumudzi. A ku Ottawa akufuna kutseka failo. Ine ndiye palibe wandifunsa ngati ndadya."

Selina atatero, ananyamuka kupita kukhitchini, nabwera ndi madzi a mlendo. Anakhala pansi, natenga cholembera, chifukwa anatopa, ndipo kusaina kukanachotsa anthu onsewa m'nyumba mwake.

Mayi Alcide anamwa theka la madziwo. Kenako anaimirira, nayang'anayang'ana m'chipindamo, napita pazenera. Anathira otsalawo mumphika wa duwa, nagwedeza tambula mpaka dontho lomaliza linagwa. Anachita izi osaganizira, pakamwa akufunsa za basi yobwerera.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezo?" anafunsa Selina.

Mayiyo anayang'ana tambula ili m'manja mwawo, nachita manyazi. "A Lameck. Ankatikalipira tikataya madzi, ngakhale pabwalo la tchalitchi. Anakalipirapo nduna yathu kazembe wa Canada ali pomwepo. Pano ngakhale ana sataya madzi pansi."



"Anayamba kalekale ameneyo," anatero Yotamu, mawu atatsika. "Ankatilanda madzi osamba m'manja tisanamalize, kukathirira matimati ake. Munthu wotopetsa."

"Wotopetsa kwambiri," anavomera Selina.

Selina anavundikira cholembera chija osasaina. Yotamu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako analipinda pawiri, naliika m'thumba la jekete. Tiyi wake anali atazizira. Ananyamula kapu kulunjika kusinki, koma anaima pakhomo la khitchini, natembenuka, napita pazenera.