Phazi la Mayi Lenia

Mayi Lenia ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lirangwe, ndipo ndi anthu ochepa amene ankadziwa kuti ali ndi matenda a shuga. Chilonda chitatuluka pachidendene, ankachikulunga ndi kansalu n'kuvalira sokosi, ngakhale kunja kutenthe bwanji. Za kuchipatala sankafuna n'kumva komwe. Achemwali awo anapita m'tauni ndi chilonda chonga chomwecho, n'kubwerako opanda mwendo.

Mwana wawo Sylvia, yemwe amagwira ntchito yokolopa pabwalo la ndege ku Chileka, atabwera kudzawaona n'kumva fungo la chilondacho, sanafune zokambirana. Anawakweza minibasi mpaka pachipatala china chaching'ono chakufupi ndi kumene iye amakhala.

M'chipinda anapezamo mnyamata wovala gauni yoyera, ndi mayi wamagalasi atakhala pakona.

"Ine ndine Philip, ndikuphunzira udokotala," anatero mnyamatayo. "Awa ndi aphunzitsi anga, Dokotala Ethel. Akundiphunzitsa kucheza ndi odwala. Mulola kuti akhale nafe?"

Mayi Lenia anangogwedeza mutu. Philip anamasula kansalu kaja, kenako mafunso anayamba kugwa ngati matalala. Chinayamba liti? Mankhwala mumamwa? Munasiyiranji? Maso ake anali papepala. Iwo ankangoti eya, ayi, mtima uli pachitseko. Atamumva akulankhula Chizungu ndi aphunzitsi ake, mumtima anati basi, apa akupangana za mpeni.

"Philip, taika cholemberacho pansi," anatero Dokotala Ethel motsitsa mawu. "Uwayang'ane mayiwa. Manja awo ali pati?"

Manjawo anali atakumbatira bondo ngati pali wina wofuna kulilanda. Philip anachita manyazi. Anakoka mpando wake n'kukhala pafupi nawo.

"Pepani mayi, ndathamanga. Tandiuzani, inuyo chikukuopsani n'chiyani pa chilondachi?"

Chiyambireni kudwala, panalibe amene anawafunsapo zimenezo. Philip anafuna kuwonjezera funso lina, koma aphunzitsi ake anakweza chala, iye n'kudikira. Ndiye mawu anayamba kutuluka okha. Anafotokoza za achemwali awo ndi ndodo zimene amayendera. Anaululanso kuti mapiritsi anawasiya chifukwa akamwa m'mamawa asanadye ankachita chizungulire pamsika, ndipo ankaopa kunena, kuti angakalipiridwe.

"Sindikunamizani, mayi," anatero Philip. "Chilonda cha munthu wa shuga chikalekereredwa chimafikadi pamene chinafika cha achemwali anu. Koma chanuchi sichinalowe kwambiri, ndipo magazi akuyenda bwino m'phazimu. Tikachitsuka, mankhwala muzimwa mutadya, phazi muzilipumitsa, mwayi woti chipole ndi waukulu."

Dokotala Ethel anadzuka, n'kugwiragwira phazilo, n'kuvomereza. Kenako anatsinzinira Philip diso.

"Mukatuluka muno, mwana wanu mukamuuza kuti tagwirizana zotani?" anafunsa Philip.

Mayi Lenia anabwereza zonse, n'kuwonjezera kuti azilinyika phazilo m'madzi otentha amchere.

"Ayi, zimenezo musayese, mungapse osamva. Koma kulakwa n'kwanga, sindinafotokoze za katsukidwe." Anawaonetsa pang'onopang'ono mpaka iwo anachita okha.

Mayi Lenia anakhala kwa Sylvia mpaka chilonda chinayamba kuuma, ndipo mvula yoyamba isanagwe anali atabwerera pamalo awo pamsika, atavala nsapato zofewa. Tsiku lokaonetsa phazi komaliza anafunsa za Philip, koma anamva kuti anabwerera kusukulu m'tauni.

"Mukamuuze kuti ndathokoza," anauza Dokotala Ethel. "Inunso zikomo, adokotala. Mukanapanda kumuletsa mafunso aja, ine ndikanatuluka osabweranso."

"Uthengawo ukafika. Koma ndili ndi pempho. Sabata yamawa kukubwera ophunzira ena. Mungabwere kudzacheza nawo?"

"Ine wosapita patali ndi sukulu ndikawauza chiyani?"

"Zimene munkamva mumtima mutakhala pampandopo. Ine ndikhoza kuwaphunzitsa kufunsa, koma zimenezo sindingazifotokoze ngati inu."

Mayi Lenia anaseka, n'kunena kuti akaganiza. Komabe sabata yotsatirayo anasiyira mnzawo malonda, n'kukwera minibasi ya ku Chileka. Ophunzira aja atawazungulira, Mayi Lenia anaona kuti onse akuwayang'ana kumaso, ndipo anakhazikika n'kuyamba kufotokoza.