Nyimbo ya Mlendo wa Mjigo

Kwa sabata zitatu amayi a ku Chikweo anali akuphunzira nyimbo yolandirira mlendo, ndipo Sakina, amene anaipeka, anafika poiimba ngakhale popalira chinangwa. Mlendoyo anali mayi wa ku Switzerland amene anathandiza kukumbitsa mjigo wa pafupi ndi mzikiti. Pa kalata dzina lake linalembedwa kuti Zbinden. Amayi anangoliwongola kuti a Zibindeni, ndipo linakwana bwinobwino pakati pa kuwomba m'manja kuwiri.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mlendoyo afike, anatulukira a Hudson pa njinga yamoto. Iwowa ndi a ku Balaka, ku ofesi ya bungwe limene linakumba mjigowo, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Anamvera vesi imodzi yokha n'kukweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Anati dzinalo likuphedwa. Pa Chingerezi amati Zi-bain-den, iwo anamva choncho kwa abwana a ku Lilongwe, ndipo mlendo akamva Zibindeni adzayesa akumunyoza. Ngati amayi sangathe kulitchula, nyimboyo ichoke pa pulogalamu, mphindi zisanu zakezo iwo afotokozerepo mbiri ya bungwe.

Amayi anayesa ndithu. Koma pofika pa "bain" mawu anatalika, manja anasemphana, phazi la uyu linaponda la uyo. Ilham, mmodzi wa amayiwo, anati likumveka ngati mankhwala opopera thonje. Abiti Mahmudu, wamkulu wa onse, anaseka mpaka kukhala pansi.

Sakina yekha sanaseke. Mchenga wa pa mjigowo anasenza ndi amayi omwewa. Njerwa anaumba ndi iwo, miyala anatola ndi iwo kumunda kwa eni ake mpaka kukangana. A Hudson anangobwera kawiri kudzajambula zithunzi. Ndiye lero mphindi zisanu zokhazo awalandenso? Anagwira mtima, n'kufunsa ngati dzina lovutali ndi la bambo ake a mlendoyo kapena la amuna awo.

A Hudson anati la amuna awo, si mwaona alemba kuti Mrs.

"Ndiye bwana, tikuthyoka malilime chifukwa cha mwamuna wa eni ake amene sitinamuonepo?" anatero Sakina. "Kuno mayi wolemekezeka timamuitana ndi dzina la bambo ake. Ine ndine Abiti Akimu. Amuna anga a Sadiki alipo kunyumba, koma dzina lawo amayenda nalo okha."

Amayi anavomera onse kuti zoona, ndipo ena anayamba kudabwa kuti analakwa bwanji chonchi sabata zitatu zonse. A Hudson anati azungu safunsidwa zoterozo, n'zamwano. Sakina anati ngati n'zamwano, mwanowo ukhale wake, iwo angoimba foni. A Hudson anakana, anakananso, kenaka poona kuti amayi khumi ndi awiri awazungulira ndipo njinga yawo ili kunja kwa bwalo, anaimba. Anatsegula kuti onse amve, n'cholinga choti Sakina achite manyazi pagulu.

Mlendoyo anali ku Liwonde. A Hudson anayamba ndi kupepesa kwautali. Atafika pa funso, kunamveka kuseka. Mayiyo anati bambo ake anali Josef, mlimi wa ng'ombe zamkaka. A Hudson sanafune kugonja, anafunsanso katchulidwe ka dzina la Zbinden. Chimene chinatuluka m'fonimo sichinafanane ndi cha amayi, sichinafananenso ndi cha abwana a ku Lilongwe: chinali chachifupi, ngati munthu akulavula khoko la mtedza. Mayiyo anawonjeza kuti ku Mangalande amalitchula mwawo, kwawo mwawonso, ndipo iye amangoyankha onse.

Foni isanabwerere m'thumba, Sakina anali atayamba kale kung'ung'udza. Abiti Yosefe. Linalowa ngati linabadwira m'nyimbomo.

M'mawa mwake, riboni itadulidwa ndipo madzi oyamba atagwera m'ndowa, amayi analowa m'bwalo.

Abiti Yosefe, lowani m'bwalo,
Abiti Yosefe, madzi afika.

Mlendoyo, mayi wa imvi wovala chipewa chachikulu, anaweramira kwa a Hudson kufunsa zimene zikuimbidwa. A Hudson anamasulira monyinyirika. Mayiyo anavula chipewa. Ilham anathamanga n'kumumanga chitenje m'chiuno, ndipo mlendoyo anavina, mosagwirizana ndi manja ngakhale pang'ono, koma anavina.

Nyimbo itatha mayiyo anagwira Sakina pa mkono n'kulankhula. Womasulira anali a Hudson omwewo, panalibe wina.

"Akuti bambo awo anamwalira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo dzina lawo sanalimvenso pagulu. Akuti mubwerezenso."

Sakina anatembenukira kwa anzake, n'kuwomba m'manja kawiri.